Kutsika kwa Madzi a Nyanja ya Malawi: Zimene Eni Makoteji, Makhonsolo ndi Anthu a m'Midzi Angachite Mogwirizana

Unduna woona za madzi ukufotokozera alimi, asodzi, amalonda, eni makoteji ndi malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, komanso anthu onse, za mmene madzi a nyanja ya Malawi amatsikira ndi kukwerera. M'zaka zimene madzi atsika kwambiri, anthu a m'maboma a Mangochi, Dedza, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay, Rumphi, Karonga ndi Likoma amaona okha zotsatira zake. Mabwato amatsakamira pa mchenga kutali ndi doko, mapaipi otungira madzi amatsala pamtunda, ndipo gombe limene alendo ankasambapo limasanduka matope. Funso limene ambiri amafunsa ndi lakuti: kodi boma silingabweze madziwo? Chikalatachi chikufotokoza zimene munthu angathe kuchita pa nkhaniyi, zimene sangathe, ndi njira yoyenera kutsata pamene eni makoteji akufuna kugwira ntchito limodzi ndi khonsolo ya boma lawo.

Mmene madzi amalowera ndi kutulukira m'nyanja

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita pafupifupi 580, ndipo kumpoto kwake ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Mtunda umene madzi ake aphimba ndi masikweya kilomita pafupifupi 29,600. Nyanjayi imakhudza maiko atatu: Malawi, Tanzania ndi Mozambique.

Madzi amalowa m'nyanjayi m'njira ziwiri. Yoyamba ndi mvula yogwera pa nyanja penipeni. Yachiwiri ndi mitsinje, monga Songwe, North Rukuru, South Rukuru, Dwangwa, Bua ndi Linthipe kumbali ya Malawi, komanso Ruhuhu wochokera ku Tanzania. Potuluka palinso njira ziwiri. Madzi ambiri amauluka ngati nthunzi chifukwa cha dzuwa ndi mphepo, makamaka m'miyezi ya mwera ndi m'chilimwe. Gawo laling'ono ndilo limatuluka kudzera mumtsinje wa Shire, umene umayambira ku Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe ndi ku Liwonde, mpaka kukathira mumtsinje wa Zambezi. Shire ndi mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'nyanja ya Malawi.

Chaka chilichonse madzi amakwera nthawi ya dzinja n'kufika pachimake cha m'ma Epulo kapena Meyi, kenaka amatsika pang'onopang'ono mpaka cha m'ma Novembala kapena Disembala. Kusiyana kwa nyengo ziwirizi kumakhala pafupifupi mita imodzi, ndipo kumeneku ndi kupuma chabe kwa nyanja, si vuto ayi. Vuto limadza pamene mvula yavuta zaka zingapo zotsatizana, moti dzinja lililonse likulephera kubweza zimene chilimwe chinatenga.

Kuti tione kukula kwa nkhaniyi, tiwerengere motere: kuti madzi a nyanja yonse akwere ndi sentimita imodzi yokha, pamafunika malita pafupifupi 300 biliyoni. Palibe pampu, ngalande kapena damu la munthu mmodzi kapena la boma limodzi limene lingathire madzi ochuluka chotere. Wodzaza nyanja ndi mvula, ndipo mvulayo imayenera kugwa m'maiko onse atatu.

Zimene mbiri ikutiphunzitsa

Nyanjayi inatsikapo kwambiri kuposa mmene anthu a lero anaionera. Kuyambira m'chaka cha 1915 mpaka cha m'ma 1935, madzi anatsika mpaka Shire anasiya kutuluka m'nyanja. Mchenga ndi zomera zinatseka pakamwa pa mtsinjewu, ndipo malo aakulu a nyanja ya Malombe anauma, anthu n'kumalimapo. Mvula itabwerera m'zaka zotsatira, madzi anakwera, anaboola mchengawo, ndipo minda ija inamira. Cha m'ma 1980 nyanja inafika pamwamba kwambiri, n'kutsikanso m'zaka za chilala za m'ma 1990.

Posachedwapa, chilala cha El Niño cha mu 2015 ndi 2016 chinachititsa kuti madzi atsike kwambiri. M'zaka za 2016 ndi 2017, Shire anachepa mphamvu, makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira sanathe kugwira ntchito mokwanira, ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse m'dziko lonse. Woomba zitsulo ku Ndirande, mwini chigayo ku Kasungu ndi wogulitsa nsomba za m'firiji ku Mzuzu onse anamva kuwawa kwa madzi amene anatsika ku Mangochi.

Patangopita zaka zochepa zinthu zinatembenuka. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri ndipo inalowa m'nyumba, m'makoteji ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Nyumba zimene zinavutika koyamba ndi zomangidwa pafupi kwambiri ndi madzi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Malo amene nyanja yawasiya lero si malo opanda mwini. Mwini wake adzabwera.

Ntchito ya Kamuzu Barrage ndi malire ake

Ku Liwonde kuli chotchinga madzi cha Kamuzu Barrage, chimene chinamangidwa m'chaka cha 1965 ndipo chinakonzedwanso pansi pa ndondomeko ya Shire River Basin Management Programme mothandizidwa ndi World Bank. Zitseko zake zikatsekedwa pang'ono, madzi ochepa ndiwo amadutsa, ena n'kusungika m'nyanja. Zikatsegulidwa, madzi ambiri amatsikira kumunsi. Bungwe la National Water Resources Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la zamadzi la Water Resources Act la 2013, ndilo limayang'anira kagwiritsidwe ntchito ka madzi m'dziko muno, kuphatikizapo mlingo wa madzi odutsa pa Liwonde.

Ena amaganiza kuti madzi akatsika, kungotseka zitseko za ku Liwonde ndiye kuti nkhani yatha. Sizili choncho pa zifukwa zitatu.

Choyamba, madzi odutsa mu Shire ndi ochepa poyerekeza ndi amene amauluka ndi dzuwa. Ngakhale zitseko zonse zitatsekedwa, nyanja ingakwere pang'ono chabe, ndipo patapita miyezi yambiri.

Chachiwiri, kumunsi kwa Liwonde kuli anthu odalira madzi omwewo. Gawo lalikulu la magetsi a dziko lino limapangidwa ndi kampani ya EGENCO pa mathithi a Shire. Mzinda wa Blantyre umamwa madzi otungidwa pa Walker's Ferry. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi alimi a mthirira a ku Chikwawa ndi Nsanje amadalira mtsinje womwewu, chimodzimodzinso asodzi a ku dambo la Elephant Marsh. Kusungira madzi gombe la koteji n'kuwamana anthu onsewa.

Chachitatu, chotchingachi chimagwira ntchito pokhapokha nyanja ili pa mlingo woti madzi azitha kulowa mu Shire. Nthawi zambiri pamwamba pa nyanjayi pamakhala mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Madzi akatsika kufika cha pa mamita 471.5, Shire amasiya kutuluka monga zinachitikira mu 1915, ndipo pamenepo zitseko za ku Liwonde sizingathandize kanthu. N'chifukwa chake akatswiri amatulutsa madzi mosamala m'zaka za mvula yabwino, kuti padzakhale otsala m'zaka za chilala. Pamene nyanja yakwera kwambiri, kutsegula zitseko zonse nthawi imodzi kungamize midzi ndi minda ya kuchigwa cha Shire. Mbali zonse ziwiri pali anthu oti atetezedwe.

Tanthauzo la kubwezeretsa madzi pa gombe

Ngati munthu sangathe kudzaza nyanja, nanga mgwirizano ndi wa chiyani? Yankho lili pa gombe penipenipo. Nthawi zambiri mwini koteji kapena msodzi akamati madzi athawa, pamakhala zinthu ziwiri zimene zachitika pamodzi. Nyanja yatsika, komanso pansi pa doko pakwera chifukwa cha matope ndi mchenga wokokoloka kumtunda. Choyambacho chili m'manja mwa mvula. Chachiwiricho chili m'manja mwathu.

Phiri likametedwa mitengo, minda ikalimidwa mizere yotsetsereka, ndiponso anthu akalima mpaka m'khonde mwa mtsinje, mvula imodzi yamphamvu imatenga nthaka yachonde n'kukaitaya pamene mtsinje ukuthira m'nyanja. Aliyense amene anaonapo mathiriro a Linthipe kapena Bua mu Januwale amadziwa mmene madzi amafiirira mtunda wautali. Nthaka imeneyo ndi chuma chimene mlimi wataya kumtunda, ndipo ikafika m'nyanja imakwirira malo oswanirana chambo, imene imakumba zisa zake pa mchenga wa m'madzi osaya. Imatsekanso njira za mpasa ndi sanjika, nsomba zimene zimakwera m'mitsinje kukaikira mazira. Doko limene linali lakuya limasanduka dambo, namasupuni n'kumera, ndipo nkhono zofalitsa likodzo zimachuluka m'madzi osayenda.

Mitengo siionjezera madzi m'nyanja mwachindunji, ndipo Unduna sukufuna kulonjeza anthu zimenezo. Ntchito ya mitengo, udzu ndi bango ndi kugwira nthaka, kuchedwetsa madzi kuti alowe pansi, ndi kuchititsa kuti timitsinje tiziyenda mpaka m'chilimwe m'malo mosefukira sabata imodzi n'kuuma miyezi isanu ndi itatu. Dera losamalidwa motere limakhala ndi madoko akuya, zitsime zosaphwa msanga ndi gombe losagumuka, kaya nyanja yatsika kaya yakwera. Kumeneku ndiko kubwezeretsa madzi kumene munthu angakwanitse.

Njira yogwirira ntchito ndi khonsolo

Eni makoteji ambiri amakhala m'mizinda ndipo amafika kunyanja pa tchuthi. Ali ndi ndalama, galimoto ndi anzawo odziwa ntchito zosiyanasiyana, koma malo amene matope amachokera si awo. Ndi minda ya anthu a m'midzi, nkhalango za mafumu ndi nkhalango za boma. Anthu a m'midzi nawo ali ndi malo, manja ndi chidziwitso cha mmene mtsinje uliwonse umayendera, koma kawirikawiri amasowa mbande, machubu, mawilibala ndi zina zogwirira ntchito. Khonsolo ndiyo imalumikiza mbali ziwirizi, chifukwa lamulo la maboma aang'ono la Local Government Act la 1998 linaipatsa mphamvu yokonza mapulani a chitukuko cha boma lake ndi kupanga malamulo a m'deralo.

Unduna ukulangiza kuti ntchito iziyenda motere:

1. Eni makoteji ndi malo ogona alendo a gombe limodzi ayambe akumana okha, asankhe owaimira, ndipo alembe mavuto amene akuwaona: doko limene likukwiririka, mtsinje umene ukubweretsa matope, ndi nyengo imene vutolo limakula.

2. Owaimirawo akaonane ndi nyakwawa, gulupu ndi mfumu yaikulu ya deralo asanapite kwina kulikonse. Ntchito yolowa m'mudzi mfumu isakudziwa siikhalitsa.

3. Nkhaniyo ikambidwe mu komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, kenaka mu komiti ya dera la mfumu yaikulu, ya ADC, pamodzi ndi khansala wa wodi. Pa zokambiranazi pakhale komiti ya pa doko ya BVC, komiti yoyang'anira zachilengedwe m'mudzi, ndi amayi amene amatunga madzi, kuchapa ndi kuyanika nsomba pa gombelo.

4. Kalata ipite kwa Bwanamkubwa, amene adzatumize akuluakulu a zamadzi, zankhalango, zausodzi, zamalo ndi zaulimi kuti akayendere deralo kuchokera pa gombe mpaka kumene mtsinje ukuyambira.

5. Zimene mbali zonse zagwirizana zilembedwe: ntchito yake, malo ake, wopereka zipangizo, wogwira ntchito, wosunga ndalama ndi tsiku lopereka lipoti pagulu. Ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti.

6. Ntchitoyo ilowe m'mapulani a chitukuko a khonsolo, kuti isathere panjira pamene koteji yagulitsidwa kapena atsogoleri asintha.

Mgwirizano wotere si wachilendo kunyanja. Makomiti a pa doko anayamba ku nyanja ya Malombe m'chaka cha 1993 nsomba zitachepa, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linavomereza kuti asodzi azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba. Ku chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, mafumu a dera la Makanjira akhala akutseka usodzi nthawi ya dzinja kwa zaka zambiri, ndipo asodzi amamvera. Zimenezi zikusonyeza kuti lamulo limene anthu agwirizana okha limasungika kuposa longowagwera kuchokera kutali.

Ntchito zoyenera kuyamba nazo

Ntchito yoyamba ndi nazale ya mitengo. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, choncho mbande ziyenera kufesedwa miyezi ingapo mvula isanayambe. M'mbali mwa mitsinje muyenera mitengo yachilengedwe monga mbawa, mkuyu, katope ndi mwimbi, pamodzi ndi nsungwi. Bulugamu asadzalidwe pafupi ndi kasupe kapena mtsinje chifukwa amamwa madzi ambiri. Pamene pali zitsa zamoyo, kusamalira mphukira ndi kulambula njira zotchinga moto kumabweza nkhalango msanga ndiponso motsika mtengo kuposa kudzala mbande zatsopano. Chiwerengero chofunika ndi cha mitengo imene yapulumuka chilimwe choyamba, osati imene inadzalidwa pa tsiku la mwambo.

Yachiwiri ndi ya m'minda ya kumtunda: kuika akalozera, kulima mizere yopingasa phiri, kutseka mizere kuti madzi akhazikike, kudzala udzu wa vetiva, ndi kutchinga zigwembe ndi miyala kapena mitengo zisanakule. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa njira zimenezi kwaulere. Phindu loyamba ndi la mlimi mwini, chifukwa feteleza ndi manyowa zimatsala m'munda mwake.

Yachitatu ndi kusunga bango, gumbwa ndi udzu wa m'madambo a m'mphepete mwa nyanja. Zomerazi zimasefa matope, zimaswa mafunde a mwera ndipo ndi mobisalamo tiana ta nsomba. Mwini koteji amene amazula bango lonse kuti alendo aone mchenga woyera amadzaona gombe lake likudyeka chaka ndi chaka.

Yachinayi ndi kuchepetsa nkhuni ndi makala. Malo ogona alendo amaphika tsiku lililonse, ndipo akasiya makala osaloledwa n'kuyamba kugwiritsa ntchito gasi, magetsi kapena mphamvu ya dzuwa, amapulumutsa mitengo yambiri. Angathandizenso magulu a amayi oumba chitetezo mbaula ndi owamba nsomba kupeza mauvuni osadya nkhuni zambiri.

Yachisanu ndi kulemba mlingo wa madzi. Akatswiri a boma amayeza nyanja tsiku ndi tsiku, koma gombe lililonse lili ndi khalidwe lake. Mothandizidwa ndi ofesi ya zamadzi, paikidwe chizindikiro chokhazikika chosonyeza pamene madzi anafika mu 2024 ndi pamene amatsikira m'chilimwe. Chizindikirochi chidzathandiza aliyense wofuna kumanga kapena kulima m'tsogolo.

Zoyenera kupewa madzi akatsika

Unduna ukukumbutsa anthu onse kuti madzi a m'nyanja ndi m'mitsinje ndi chuma cha mtundu wonse. Choncho:

Musamange nyumba, mpanda, chimbudzi kapena sitolo pa malo amene nyanja yaphwapo. Musanayambe kumanga chilichonse pafupi ndi madzi, pezani chilolezo cha khonsolo, ndipo ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa ndi bungwe la Malawi Environment Protection Authority motsatira lamulo la zachilengedwe la 2017.

Musakumbe ngalande, kuchotsa matope ndi makina, kuthira miyala m'nyanja kapena kupatutsa mtsinje popanda chilolezo. Khoma la miyala loteteza gombe limodzi kawirikawiri limakankhira mafunde ndi mchenga kwa woyandikana naye.

Wotunga madzi ndi pampu kuti agwiritse ntchito pa malonda, monga pa malo ogona alendo kapena pa munda waukulu wa mthirira, akhale ndi chilolezo cha National Water Resources Authority. Kutunga madzi akumwa, ophikira ndi ochapira pakhomo sikufuna chilolezo.

Musakumbe mchenga wogulitsa pa gombe kapena pa mathiriro a mtsinje popanda chilolezo.

Musatayire zonyansa za m'zimbudzi, mafuta a injini kapena mapulasitiki m'nyanja. Madzi akachepa pa doko, zonyansa sizimwazika msanga, ndipo kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba amafala mosavuta.

Musatseke njira zimene anthu amadzera popita kunyanja. Madzi akatsika, asodzi ndi amayi amayenda mtunda wautali kuti awafike, ndipo mpanda wotseka njira yawo umabala chidani chimene chimapha mgwirizano wonse.

Kwa alimi, asodzi ndi amalonda

Dothi limene nyanja yasiya limaoneka lachonde, ndipo mlimi amakopeka kudzalapo mpunga, chimanga kapena ndiwo zamasamba. Musanatero funsani mlangizi ndi mfumu. Khasu likalowa pamalo otere limazula mizu imene imagwira gombe, ndipo mankhwala ophera tizilombo amathera m'madzi amene ana amasambamo. Amene ali ndi madimba m'mbali mwa mitsinje asiye mpata wa udzu ndi mitengo pakati pa munda ndi madzi.

Asodzi akumbukire kuti madzi akaphwa, nsomba zimaunjikana malo ochepa ndipo zimagwidwa mosavuta. Zimaoneka ngati mwayi, koma khoka la maso aang'ono kapena neti ya udzudzu ikakokedwa pamalo otere imatha ndi mbewu yomwe. Nyengo yotseka usodzi ilemekezedwe. Amalonda nawo ali ndi mphamvu yaikulu, chifukwa akakana kugula kasawala ndi tiana ta nsomba zina, msodzi sadzakhala ndi chifukwa chotiphera.

Nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi, inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018. Nthawi zonsezi asodzi ndi amalonda a m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe anasowa pogwira, ndipo nsomba zinabwerera chifukwa zina zinapulumukira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo amene anali asanawonongeke. Nyanja ya Malawi ndi yakuya kwambiri moti siingaume chotero, koma madoko ake osaya ndi nyanja ya Malombe zimadaliranso mitsinje ndi madambo osamalidwa bwino.

Kumene mungapeze thandizo

Eni makoteji, magulu a alimi, makomiti a pa doko ndi ena onse ofuna kuyamba ntchito yosamalira gombe ndi mitsinje ya m'dera lawo akupemphedwa kupita ku ofesi ya Bwanamkubwa wa boma lawo, kumene adzawalumikize ndi ofesi za zamadzi, zankhalango, zausodzi ndi zamalo. Ofuna chilolezo chotunga madzi kapena chogwira ntchito iliyonse m'nyanja ndi m'mitsinje alembere ku National Water Resources Authority. Aliyense woona wina akumanga, kukumba kapena kutaya zonyansa m'malo oletsedwa adziwitse mfumu, khansala kapena khonsolo mwamsanga. Magulu ofuna kudzala mitengo m'dzinja likudzali akaonane ndi mlangizi wa zankhalango mwezi wa Ogasiti usanathe, kuti mbande zidzakhale zitakula mvula ikamayamba.